Jekete la Chiguduli ndi Michira ya Njiri

Fodya akangopita ku okushoni, ine ndimadwala. Si matenda a kuchipatala ayi, ndi miyendo. Zigafa zili mbee, mazale sanayambe, ndipo umadzuka m'mawa wopanda munthu wokangana naye mtengo. Chaka china matendawa anandifikitsa pa nkhuku za mazira, china pa njinga ya kabaza. Zonsezo zinathera kuseri kwa nyumba. Chaka chimene ndikunenachi anandifikitsa pa kamera.

Ndinaiona pa Boma, m'kashopu ka mkulu wina wogulitsa mafoni amene anabwera nayo kuchokera ku Joni. Ndinaitenga, n'kuibweza, n'kufunsa mtengo wa chaja chimene sindinkachifuna. Kenako ndinatuluka kuti andiitane. Sanandiitane, ndiye ndinabwerera ndekha ngati ndaiwala chipewa.

Akazi anga anaiyang'ana patebulo osaikhudza.

"Ndiye iyi iziikira mazira angati?"

"Iyi ndi ya nyama, amayi. Paki ili pafupi pompa. Anthu amachita kukwera ndege kudzaona njovu, ife timangomva kuti zadya chimanga cha eni."

"Mvetserani, bambo. Pitani. Mukabwere ndi chithunzi chimodzi cha nyama yamoyo choti ndipachike pabalaza osachita manyazi. Mukalephera, kamerayi ipita kwa achimwene azikajambulira maukwati, inu mubwerere ku mazale."

Alamu angawo anali ataiona kale, ndipo anaisisita ngati yawo. Ndinavomera pompo, chinthu chimene pamsika sindichita.

Masiku otsatira sindinakhale pansi. Pafoni aliyense wojambula nyama anali ndi katundu wake woti popanda iyeyo usapite kuthengo, ndipo ukawamvera onse ufunika ngolo. Ndinkadzuka nditasankha china, pofika masana ndasintha. Pomaliza ndinadzifunsa funso la pamsika: ndi chiti chimene ndikachisiya ndibwerako chimanjamanja?

Lenzi yaitali ndinagula, chifukwa njovu suiuza kuti sendera kuno. Batire lachiwiri ndinalitenga ngati basela kwa mkulu wa mafoni uja.

"Akulu, kamera ya batire limodzi mukugulitsa bwanji? Ikathima pamaso pa njovu ndidzatchula dzina lanu."

"Achimwene, inu mudzanditseketsa shopu," anatero akuliponya m'jumbo.

Miyendo itatu yoimikapo kamera ndinaikana: yolemera, komanso ndinaona kuti kathumba ka nyemba kamagwira ntchito yomweyo. Nyemba kwathu sitigula. Nsapato za m'thengo ndinazipeza pa kaunjika, yakumanja pamulu uwu, yakumanzere pamulu wa mayi wina, ndipo aliyense ndinamuuza kuti nsapato imodzi ilibe ntchito. Madzi ndinati ndidzatengera m'chigubu cha mafuta ophikira.

Chinatsala ndi chovala cha mtundu wa udzu, choti nyama zisakuone. Mnyamata wina wa kaunjika anali nalo jekete lenileni, lamawangamawanga, koma pamtengo anauma ngati chitsa. Ndinalinyoza zipi, ndinalinyoza kolala, ndinachoka pang'onopang'ono. Iye anangoyamba kuimba mluzu.

Ndinafika kunyumba mtima ukuwira. Ndiye m'chigafa ndinaona ziguduli zotsala podinda mabelo. Mtundu wake udzu wa m'chilimwe weniweni! Ndinapita nazo kwa telala kuti andisokere jekete, chipewa ndi chikwama cha kamera. Telalayo ankangoyetsemula mpaka misozi, ine n'kumati ndi chimfine. Nditayesa kuvala, akazi anga anaseka mpaka kugwira khoma.

"Mukuoneka ngati belo lothawa ku okushoni."

"Belo laulere," ndinayankha monyada.

Mu paki suyenda wekha. Anandipatsa msilikali wa mfuti, bambo wosalankhulalankhula, amenenso kwawo ku Lisasadzi amalima fodya. Tinalowa m'tchire m'mamawa. Pa dambo loyamba panali nswala. Ndisanatsegule n'chikwama chomwe, zonse zinadzutsa mitu, n'kuzimiririka. Tinayenda. Mphalapala nayo chimodzimodzi. Cha kumasana tinaona njovu kutsidya kwa dambo lina. Yaikulu inakweza chitamba m'mwamba, n'kuchipotolera kwa ife, n'kutembenuza banja lonse kulowa m'mitengo.

"Lero zachita mwano," anatero msilikali uja, akukanda m'mutu. "Sizitero."

Tsiku lachiwiri linali lomaliza, ndipo linayamba ngati dzulo lake. M'kamera munali mitengo, udzu ndi fumbi. Chiguduli chinkandiyabwa m'khosi, nsapato yakumanzere inkandiluma, ndipo paliponse ndikatseka maso ndinkaona alamu anga atakoleka kamera yanga pakhosi, akuuza akwati kuti amwetulire. Ndinkafulumiza msilikali, tikafika pena ndinkafuna tibwerere pomwe tachoka.

Dzuwa litakwera ndinakhala pachulu, thukuta lili chuchuchu. Jekete linanyowa. Aliyense wa kuno amadziwa zimene fodya wouma amachita akamva chinyezi: amadzuka. Fungo linandimenya m'mphuno ngati ndalowa m'chigafa nthawi ya mvula. Ine ndinakulira m'fodya, msilikali uja chimodzimodzi, mphuno zathu zinaleka kalekale kumumva. Ndipo ndinakumbuka achibale a kufupi ndi waya wa paki, amene amafukiza zinyenyeswa za fodya ndi tsabola m'mphepete mwa munda kuti njovu zisayandikire.

"Bwana," ndinatero, "mukudziwa chimene ndavalachi? Ndi mankhwala othamangitsira njovu."

Ananunkhiza phewa langa, n'kukhala pansi ndi mfuti yake, kuseka mopanda mawu mpaka mapewa kugwedezeka.

Ndinavula zonse za chiguduli n'kuzipachika pa msuku. Ndinasamba m'manja ndi m'khosi ndi madzi a m'chigubu, n'kutsala ndi vesiti yakuda ndi thukuta. Tinawaza fumbi kuti tione kolowera mphepo, n'kuzungulira dambo. Nthawi yotuluka m'paki inali itayandikira. Njovu zinali zitapita. Tinangopeza banja la njiri litagwada, likufukula mizu.

Ndinakwawa, n'kuika kathumba ka nyemba pachulu, lenzi pamwamba. Kamera inathima. Ndinasintha batire, ndikudalitsa basela. Pomwe ndimadina, njiri yaikulu inandiona. Zinaliyatsa liwiro.

Chithunzi chimodzi chokha chinatuluka bwino, chakuthwa mpaka ubweya kuwerengeka: njiri zikuthawa, michira ili njo m'mwamba ngati ma eriyo a wailesi.

Ndinakachitsukitsa chachikulu pa Boma. Akazi anga anachitembenuza uku ndi uku ngati akusankha fodya.

"Nkhope zili kuti?"

"Munati nyama yamoyo. Yakufa sithamanga chonchi."

"Ndinatinso chosachititsa manyazi. Abusa akabwera azimwa tiyi atayang'anizana ndi matako a njiri? Uyu ndi fodya wa m'munsi, wotsika mtengo, bambo."

"Koma ndi fodya."

Anachiika patebulo, n'kunyamuka pang'onopang'ono kulowera kukhitchini. Ndinaidziwa njirayo, ndi yanga yomwe ya pamsika. Ndinalimba mtima mpaka anafika pakhomo.

"Amayi, tabwerani tikambirane."

Tinagwirizana motere: kamera ikhala yanga, koma Loweruka lililonse la ukwati izikagwira ntchito kwa alamu. Chithunzi chipachikidwa, koma m'kanjira kopita kuchipinda, kumene abusa safika. Pabalaza msomali ukhala wopanda kanthu mpaka ndidzabweretse nkhope.

M'mawa mwake ndinali pa kaunjika. Jekete lija linali likadalipo. Mnyamata uja anatchula mtengo womwe uja, ine n'kupereka osatsegula pakamwa. Anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Madala, mwadwala?"

Ndinalinunkhiza kaye jeketelo, mkati ndi kunja, ndisanamuyankhe.