Annette Chimphepo ndi Malire a ku Hewe

Annette Chimphepo anabadwira ku Dedza, m'mudzi wina kufupi ndi Linthipe. Bambo ake anali telala pakhonde la golosale, mkamwini wofatsa amene sanatchulepo munda kuti ndi wake. Minda inali ya mayi ake, monga inalili ya agogo ake aakazi, ndipo pakabuka mkangano wa malire, okaloza chulu ndi mtengo wa msuku anali mayiwo ndi mlongo wawo. Annette anakula akuziona zimenezi osaganiza n'komwe kuti ndi mwambo wa kwawo kokha. Kwa iye, umo ndi m'mene minda imakhalira.

Atamaliza maphunziro a zaulimi anagwira ntchito ya ulangizi zaka zinayi ku Ntcheu, kenako inabwera kalata yomutumiza ku Rumphi, kudera la Hewe. Anafika pa lole, matiresi ali pamwamba pa matumba a eni ake. Chitumbuka anachiphunzirira panjira, akukankha njinga pazitunda. Alimi ankamuseka akaphonya mawu, kenako n'kumumvera chisoni, n'kumamuyankha m'Chichewa chokhala ndi kayimbidwe kawokawo. Dzina lake ambiri sankalidziwa. Kwa onse anali "alangizi". Pantchito anali wosamala mpaka kutopetsa anzake: lipoti ankaliwerenga katatu asanalitumize.

M'chaka chake chachitatu ku Hewe, alangizi onse anaitanidwa kuboma ndipo aliyense anapatsidwa tabuleti. Boma linkafuna mapu a minda yonse, kuti lizidziwa pamene palimidwa chimanga, pamene pali fodya, komanso kuti mbozi zikagwa lizidziwa kothamangira. Ntchito yake inali yosavuta kuimva. Umaima pangodya ya munda, n'kudina pagalasi, kenako n'kuyenda m'mphepete mwa munda wonse makinawo ali m'manja. Kadontho kabuluu kamakutsatira, kakulemba mzere, mpaka utabwerera pomwe unayambira. Pamenepo makina amakuuza kukula kwa mundawo, iwe n'kulemba dzina la mlimi, mbewu yake ndi nambala ya chitupa cha unzika. Ukafika pokwera pamene pamagwira netiweki, zonse zimapita ku likulu.

Annette anaikonda ntchitoyi. Kale ankayeza minda ndi mapazi, n'kumakangana ndi alimi amene aliyense ankalumbira kuti wake ndi maekala awiri. Tsopano panalibe chokangana. Pofika mwezi wa Okutobala anali atayenda minda yoposa mazana awiri, pafupifupi yonse ndi abambo eni ake akutsogolera.

Tsiku lina m'mawa anafika pamunda wa mayi Isabella Luhanga, amene aliyense ankawatchula kuti NyaLuhanga, potengera dzina la kwawo kumene anabadwira. Amuna awo, a Laws Chavula, anali atamwalira zaka zinayi zapitazo, kuwasiyira ana aakazi atatu. Mundawo unayambira pamsewu n'kutsetsereka mpaka kumtsinje, kumene kunali dimba la mpiru ndi tomato.

"Amama, mungandisonyeze malire?" anafunsa Annette.

NyaLuhanga anaika khasu pansi, n'kuyang'ana cha kumudzi pang'ono. Kuyang'ana kumeneko Annette anadzakukumbukira pambuyo pake, koma panthawiyo sanakuwerengere.

"Ine?"

"Inuyo. Si ndinu mumalimamo?"

Anauyamba ulendo. NyaLuhanga ankasuzumira pagalasi n'kumaseka poona kadontho kakuwalondola.

"Kanthu aka kochenjera chomene," anatero. "Kauzeni kalembenso anyani amene amandithera chimanga, boma liwadziwe mayina."

"Alibe zitupa, amama."

"Zitupa alibe, koma kudya amadya kuposa ife a zitupa."

Anadutsa pamtengo wa mkuyu, anatsikira kudimba, n'kukwera mbali inayo mpaka pamsewu. Amayi amene ankachokera kumjigo anaima ndowa zili pamutu, kuwayang'ana. Annette anawapatsa moni, analemba dzina la Isabella Luhanga, ndipo masana omwewo mapu anapita.

Patatha masiku atatu, akutsegula chitseko m'mawa, anapeza NyaLuhanga atakhala pasitepe.

"Alangizi, alamu anga a Manasseh andiuza kuti chaka chino ndisalimemo m'munda uja."

"Chifukwa?"

"Akuti ndaitana boma kuti lindipatse munda wa a Chavula. Akuti ngati ndikufuna munda wolembedwa Luhanga, kwa a Luhanga njira ndikuidziwa."

Mvula inali itatsala milungu itatu kapena inayi. Mayiwo analibe munda wina.

Pano ndi bwino kufotokoza mosamala, kuti Annette asaoneke ngati munthu wosadziwa kumene amakhala. Zoti ku Hewe mkazi amapita kumudzi kwa mwamuna, ndiponso kuti munda ndi wa mtundu wa mwamunayo, ankazidziwa bwinobwino. Chimene sankachidziwa n'chakuti kumeneko malire sayendedwa wamba. Anthu amazungulira munda ndi mlendo pokhapokha pamene mundawo ukugawidwa kapena kuperekedwa kwa wina, ndipo amuna a pabanjapo amakhalapo. Pamene Annette ankayenda ndi abambo m'minda yawo, panalibe wodabwa. Koma mkazi wamasiye kutsogolera munthu wa boma ngodya ndi ngodya, popanda mlamu ngakhale mmodzi, kwa oonawo kunali kulandira munda. Miyendo ya Annette inangochita zimene inazolowera ku Dedza.

"Bwanji simunandiuze, amama?"

"Ndimati poti ndi boma, mwina zinasintha."

A Manasseh Chavula anali mkulu wa malemu Laws, mphunzitsi wamkulu wopuma pantchito ndiponso mkulu wa mpingo. Annette anawapeza akumanga mitengo ya chigafa cha fodya. Anatsika pamakwerero, anasamba m'manja, n'kuitanitsa mipando iwiri.

"Madamu, khalani. Ndimadziwa kuti mubwera."

"Aphunzitsi, ndabwera kudzapepesa. Wolakwa ndine. NyaLuhanga sanandiitane, ndinawapempha ndine."

"Yewo. Koma kupepesa sikufufuta zimene zapita ku Lilongwe."

"Mapu amenewa si a umwini wa malo ayi. Ndi ongodziwira mbewu."

A Manasseh anavula magalasi, n'kuwapukuta ndi malaya.

"Ndaphunzitsa zaka makumi atatu ndi zisanu, madamu. Pepala ndimalidziwa. Lero inu mukuti ndi la mbewu. Inu adzakusamutsani, ine ndidzafa. Kudzabwera mnyamata wa tayi, adzatsegula kompyuta, adzapeza mzere ndi dzina la Luhanga. Adzafunsa ndani kuti linali la mbewu? Mlamu wangayu ndilibe naye chifukwa, anamusamala mng'ono wanga mpaka tsiku lomaliza. Koma akadzakwatiwa kwina? Alongo ake akadzabwera ndi pepala lanulo?"

Annette anafuna kunena kuti zimenezo sizingachitike, koma anapeza kuti sangalumbire. 

"Fufutani," anatero a Manasseh.

"Ndikafufuta, mayiwa sapezeka m'kaundula wa alimi. Mankhwala a mbozi akadzabwera, kapena mbewu, dzina lawo silidzaitanidwa."

"Ndiye lembani Laws."

"Makina amafuna chitupa cha munthu wamoyo."

"Lembani ine."

"Inu ndinakulembani kale pamunda wanu, aphunzitsi. Komanso pamafunika amene akugwira khasu m'mundamo. Ndikalemba inu ndanama."

Mkuluyo anaseka pang'ono. "Achewa inu, kukakamira ngati nkhupakupa."

"Ndikupempha chinthu chimodzi. Ndifufute mapu oyambawo inu mukuona. Kenako tiyendenso, inu kutsogolo. Anthu aone kuti a Chavula ndiwo asonyeza malire, ndipo ndiwo anena kuti wolimamo ndi NyaLuhanga. Pali kabokosi ka ndemanga pansi. Ndilembamo kuti munda ndi wa banja la a Chavula."

"Ndemangayo imaoneka pamapu?"

Annette akanatha kungovomera. Mkuluyo sakanadziwa.

"Ayi. Imaoneka munthu akatsegula dzinalo. Pamapu pamaoneka dzina lokha."

A Manasseh anavalanso magalasi awo.

"Loweruka, ikamakwana eyiti," anatero.

Lowerukalo kunabwera a Manasseh, msuweni wawo a Overton, ndi anthu ena angapo amene anangoima pamsewu. Annette anawaonetsa mapu akale, anawafufuta onse akuona, n'kuima pangodya. A Manasseh anatsogola ndi ndodo, Annette pambuyo pawo, NyaLuhanga kumapeto, manja ali kumbuyo. Panalibe woseka ulendo uno.

Atafika pamkuyu, a Manasseh sanatsikire kumtsinje. Anakhotera kumanzere, kudula mundawo pamwamba pa dimba.

Annette anaima. Kadontho nako kanaima.

"Aphunzitsi, dimba latsala."

"Dimba silinali la Laws. Linali la mayi athu, anangomubwereka mkamwana wawo, mkazi wa Laws. Limenelo pepala la boma lisalidziwe."

"Koma alimamobe?"

"Zimenezo tikambirana ngati banja."

Annette anatembenuka kuyang'ana NyaLuhanga. Ankafuna kuti mayiwo anene kanthu, kapena kuti iye mwini apeze mawu. Akakana kutsatira, ulendo uthera pomwepo ndipo munda wonse upita. Akatsatira, ndiye kuti dzanja lake lomwe lalemba mzere wochotsa dimba limene mayiwo analima zaka khumi ndi zisanu popanda wowafunsa.

"Tiyeni, alangizi," anatero NyaLuhanga motsitsa mawu. "Tsatirani alamu."

Anatsatira. Atabwerera pamsewu, a Manasseh anatembenukira anthu aja n'kunena m'Chitumbuka, mokweza, kuti munda uwu ndi wa a Chavula ndipo wolimamo ndi NyaLuhanga, mayi wa ana a Laws. Annette analemba dzina, analemba ndemanga, n'kuwapatsa a Manasseh kuti awerenge. Anawerenga kawiri, anakonzetsa kalembedwe ka mawu amodzi, n'kubweza tabuletiyo.

Chiyambire pamenepo Annette sadina pagalasi asanafunse kuti ndani ayenera kukhalapo. Zimamuchedwetsa, ndipo kuofesi anamudzudzulapo kawiri kuti ziwerengero zake zatsika. Analemba kalata yopempha kuti pafomu pakhale malo a mayina awiri, la wolima ndi la eni munda. Yankho silinabwerebe.

Mvula itagwa, NyaLuhanga anabzala chimanga m'munda mwawo. Dimba linaperekedwa kwa mkazi wa mwana wa a Manasseh. Annette anatenga milungu iwiri akuzemba njira imeneyo, mpaka tsiku lina anatsika panjinga n'kulowa m'mizere.

"Amama, dimba lija ndinakutayitsani ndine."

NyaLuhanga anaweramuka, n'kupukuta thukuta ndi nsonga ya chitenje.

"Eya, ndinu," anatero. "Koma simunathawe. Tabwerani kuno muone masamba awa, ayamba mabowo. Ndi mbozi zija kapena ndi china?"

Annette anagwada, anatsegula kamtima ka chimanga ndi zala, n'kuyang'anamo.

"Ndi zomwezo. Ndikatumiza uthenga lero."