Nsomba yachikasu ya azakhali

Azakhali anga, alongo awo a bambo, anali telala pakhonde la sitolo ya zitsulo, ndipo pa nkhani ya mitundu sankanyengerera munthu. Ukawauza kuti ukufuna diresi lofiira, ankakuyang'ana pamwamba pa magalasi: "Kufiira kwake kuti? Kwa tomato, kwa njerwa, kapena kwa maso a bambo ako Lolemba m'mawa?" Ulusi wawo unkakhala m'chitini cha mabisiketi, uliwonse pamalo pake, ndipo wousokoneza ankaona zakuda.

Matenda a shuga ndi amene anawachotsa pamakina. Poyamba ankandiitana kuti ndiwalowetsere ulusi pasingano. Kenako anasokera mayi wina zipi yobiriwira pa siketi yabuluu, ndipo tsiku limenelo ndinawapeza akulira kuseri kwa makina. Adokotala sanabise mawu: diso lamanzere latha, lamanja likutsatira.

"Ndiye undiperekeze kunyanja yamchere," azakhali anandiuza. "Kasitomala wina anandionetsa zithunzi za nsomba za kumeneko. Ndikufuna ndikaone ngati mitundu ija ndi yoona kapena anachita kupaka."

Tinapitadi. Anagula kathumba ka pulasitiki kosalowa madzi koikamo foni, ndi magalasi osambirira amene anawasandutsa chule. Kusambira sankadziwa. Mwini bwato anawaveka jekete loyandamitsa, ine n'kumawagwira lamba kumbuyo ngati mbuzi. Pansi pathu panali korali, miyala yamoyo ija yophuka nthambi, ina yapinki ina yofiirira, nsomba zamizeremizere zikungolowa ndi kutuluka. Ine ndinachita kakasi. Koma ndikacheuka, azakhali nkhope ili pafoni, chala chikudina osapuma. Kansomba kena kachikasu kanabwera mpaka pamagalasi awo, n'kuima ngati kakupereka moni, iwo n'kukatchingira foni.

"Azakhali, tasiyani foniyo muone ndi maso!" ndinakalipa titadzutsa mitu.

"Iwe, zoona ndi maso zithera momuno. Izi ndikazionera kunyumba nditakhala pansi, imodziimodzi. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Pobwerera foni inali itathera moto, iwo anagona njira yonse m'basi. M'mawa mwake anadzuka akufunsa amene sanatsegule makatani. Makatani anali otsegula. Magazi anali atakhuthukira m'diso lotsala lija, ndipo kuchipatala anangopukusa mitu.

Zithunzi zija ndinazitsegula ndekha, ndipo zimandiwawa mpaka lero. Kathumba kaja kanachita nkhungu m'kati. Zambiri n'chala chawo, thovu, ndi mwendo wanga. Chinatuluka bwino n'chimodzi chokha, cha kansomba kachikasu kaja, kakuyang'ana ndi diso limodzi.

Pano azakhali amakhala kwathu, makina awo tinawafunditsa nsalu pakona. Tsiku lina masana anandiitana.

"Mwana wa alongo anga, tanditsegulira nsomba yanga ija. Chikasu chake n'chotani?"

"Ngati nthochi yakupsa, azakhali."

"Usandiuze za nthochi, ndine mwana ine? Tenga chitini."

Ndinabweretsa chitini cha ulusi, n'kumayerekeza umodziumodzi pafoni, mpaka ndinapeza wofanana. Ndinawagwiritsa m'manja. Iwo anapapasa m'chitinimo kufuna pamene ndauchotsa, n'kuuzindikira nthawi yomweyo.

"Uwu ndinkasokera mayunifolomu a ana a sukulu ya mkaka. Ayi, si umenewu. Nsomba ija siingafanane ndi yunifolomu."

"Nanga inali yotani, azakhali?"

Anazunguliza ulusi uja pachala.

"Sindikudziwa, mwana wanga. Inafika pamphuno panga penipeni, diso ndikadali nalo, ine n'kuiikira foni."