Madzi Amchere a Amayi Anga

Anandilanda botolo la madzi. Linali la malita awiri, lodzaza mpaka m'khosi, pansi pake pali mchenga wodzaza dzanja limodzi. Anandilanda ndi mzimayi wina wa yunifolomu pabwalo la ndege, ndipo analiponya m'bini ine ndikuona.

Sukulu ndinasiyira fomu thuu. Musandifunse chifukwa, ndinatopa nako kuyankha. Nditalima kachewere zaka ziwiri kwathu ku Lobi, ndinapita ku Joni monga anachitira anzanga. Kumeneko ndinapeza ntchito yosamala mdala wina wachizungu amene miyendo yake inafa. Ndinkamusambitsa, kumuveka, ndi kumukankha pa njinga ya olumala. Mwana wake wamkazi, amene ndinkawatchula kuti adona, ndiye anali bwana wanga weniweni. Chaka chachiwiri banja lonse linaganiza zokapuma ku chilumba china pakati pa nyanja yamchere. Ine ananditenga chifukwa panalibe wofuna kumunyamula mdalayo popita naye kuchimbudzi.

Ndinaimba foni kwa achemwali anga kuti andipatsire amayi.

"Ndiye kuti ukafika ku nyanja yamchere yeniyeniyo?" anafunsa amayi.

"Yeniyeniyo."

"Unditungireko madzi ake, mwanawe. Mayi wina wa m'mphakati mwathu wa kutchalitchi anam'bweretsera mkamwini wake, ankapaka m'miyendo, pano akuyenda ngati mtsikana."

Amayi anga miyendo inayamba kutupa kalekale. Chitunda chopita kutchalitchi amachikwera mopumira katatu. Chipitireni ku Joni sanandipemphepo chitenje kapena foni. Anandipempha madzi. Ndinati ndibweretsa.

Ife a ku Dedza timadzitama ndi mphepo ya mu Juni, ija yotsika m'phiri n'kung'amba milomo. Koma ya pa chilumba chija inali ina. Siinkapuma. Mitengo yonse inapendekera mbali imodzi, ndipo chipewa cha mdala ndinkachithamangira kangapo pa tsiku. Miyala ya pa chilumbapo inali yakuda, yobookabooka ngati makala. Woyendetsa galimoto amene ankatinyamula anati inatuluka m'phiri kale, pamene phirilo linkalavula moto.

Tsiku lililonse tinkapita ku mudzi wina wa m'mbali mwa nyanja. Tinyumba toyera, maboti ogadabuzidwa, amphaka onenepa akudikira matumbo a nsomba. Zonsezi ndinkaziona pamwamba pa dazi la mdala. Pa mchenga matayala a njinga ankatitimira, ndiye ndinkaikoka chafutambuyo, thukuta likuuma lisanatsike. M'madzimo amuna a ndevu zawo ankakokedwa ndi makaiti aakulu, akukuwa ngati ana.

Ndinkadzijambula, koma ndinkaonetsetsa kuti njinga isaoneke. Achemwali ankaonetsa zithunzizo mudzi wonse. Chimodzi ndinajambula dzanja langa litafumbata mchenga wa pa gombe lina, wakuda bii. Amayi ataona anatumiza mawu akuti, "Mchengawo anauotcha ndani?"

Tsiku lomaliza ndinatsuka botolo la juwisi. Mdala ndinamusiya pa kanjira ka simenti, nditamanga mabuleki, ndipo ndinapinda thalauza n'kulowa m'madzi. Kusambira sindidziwa. Funde loyamba linandigwetsa chagada, ndinamwa madzi owawa mpaka m'mphuno. Koma botolo sindinalitaye. Ndinalidzaza, n'kuthiramo mchenga wakuda uja kuti amayi adzaone okha.

Ndinapeza mdala akuseka mpaka misozi. Sabata yonse anali asanaseke. Anandifunsa kuti madziwo ndi a chiyani. Ndinati ndi mankhwala a miyendo ya amayi anga. Anayang'ana miyendo yake, kenako anati, "Ukanatunga mabotolo awiri."

Sutikesi ndinalibe. Ndinali ndi kachikwama kakumbuyo basi, ndipo botolo ndinaliika m'menemo. Pabwalo la ndege panali chikwangwani chokhala ndi chithunzi cha botolo. Ndinayamba kuchiwerenga, koma Chingerezi changa chimayenda pang'onopang'ono, ndipo anthu ankandikankha kumbuyo. Chikwama chitadutsa pa makina, mzimayi wa yunifolomu uja anachitsegula, nati madzi ochuluka chonchi saloledwa m'ndege. Ndinati ndi mankhwala. Anati ndionetse kalata ya dokotala. Ndinayang'ana kwa adona. Iwo nkhope inali itafiira.

"Ndi madzi chabe," anatero. "Ndege itisiye chifukwa cha madzi?"

Botolo linagwera m'bini, phi. Ine ndinagwira njinga n'kupitiriza kukankha.

Kumudzi sindinanene kanthu. Mu Disembala ndinapita kwathu kutchuthi, ndipo ndinatsikira pa siteji ya Chimbiya. Pamenepo ndiye ndinachita chimene ndikulembera zonsezi. Ndinagula paketi ya mchere ndi botolo lofanana ndi lija. Ndinatunga madzi pa mjigo wina wa m'njira, kumene palibe wondidziwa. Mchenga ndinatapa mumtsinje, koma unali woyererako, ndipo ndinakumbukira chithunzi chija. Ndiye ndinatola tizidutswa ta makala pamene ogulitsa amaunjika matumba awo, ndinatipera pa mwala, n'kusakaniza ndi mchengawo. Nditakhutchumula botolo, ngakhale ine ndinatsala pang'ono kukhulupirira.

Kunyumba ndinapeza amayi anayi a m'mphakati akundidikira. Amayi anga analandira botololo ndi manja awiri. Analiyang'ana nthawi yaitali.

"Mwaona?" anatero kwa anzawo. "Ena amabwera ndi mawailesi. Wanga wandinyamulira nyanja."

Anathira pang'ono m'dzanja n'kupaka m'miyendo pang'onopang'ono. Anati akumva akulowerera. Anagawirako anzawo awiri m'tivindikiro. Mmodzi analawa, nati, "Eee, mchere wake si wamasewera." Ine ndinkafotokoza za mafunde ndi mphepo, ndipo pakamwa panga sipanagwedere ngakhale pang'ono.

M'mawa mwake ndinapeza botolo lija pa zenera. Madzi anali atadikha. Mchenga unakhala pansi, woyera monga ndinautapira mumtsinje. Tizidutswa takuda tinkayandama pamwamba. Amayi anali pakhonde akusenda mbatata.

"Iwe," anatero osandiyang'ana. "Kunyanja kwakoko amaphika pa mbaula?"

"Bwanji amayi?"

"Ndangofunsa. Makala ndinayamba kuwagwira usanabadwe."

Ndinayamba kukalipa. Ndinanena za mzimayi wa yunifolomu, za adona, za chikwangwani, za malamulo opusa a anthu olemera. Amayi anandisiya mpaka mawu atandithera.

"Za mayi wa yunifolomu sindinafunse," anatero. "Ukanangonena kuti amayi anandilanda, ndikanakumenya? Ndi miyendo iyi ndikanakupeza?"

"Ndiye munadziwa dzulo lomwe?"

"Nditangoligwira."

"Nanga munapakiranji?"

Apa ndiye anaika mpeni pansi. "Pamaso pa anthu aja ndikanatani? Ndinene kuti mwana wanga anakwera ndege kukanditungira madzi a pa mjigo? Bodza ndi lako, koma Loweruka kwa abambo mfumu wokalapa ndine."

Ndikanakonda akanandimenya ndi chikuni.

Patapita masiku atatu, mmodzi wa amayi awiri aja anabwera ndi kabotolo ka mankhwala a chifuwa kotsukidwa bwino. Anati bondo lake lasiya kupweteka, anagona tulo koyamba chaka chino. Anagwada pang'ono pondipatsa moni, munthu wamkulu ngati uja. Anapempha ngati angaonjezereko.

Amayi anandiyang'ana. "Athirire wekha, mwiniwake wa nyanja."

Ndinathira, chala changa chikutchinga makala kuti asatuluke. Mayi uja anandidalitsa, anadalitsa ulendo wanga, anadalitsanso ana amene ndilibe.

Nditabwerera ku Joni mdala sanakhalitse. Anamwalira m'mwezi wachitatu, ndipo ntchito inathera pomwepo. Pano ndili ku Lobi, ndabwerera ku kachewere. Amayi miyendo ikadali yotupa. Ndimawanyamula pa njinga ya kapalasa kupita nawo kuchipatala mwezi uliwonse, ndipo m'njira timakamba za mvula ndi za fetereza, za nyanja ayi. Botolo lija lili kuseri kwa chitseko. Kawiri konse ndafuna kulitaya, koma amandiletsa. Amati anthu akadzafunsa ndidzawauza chiyani.

Zithunzi za pa chilumba ndinazifufuta zonse. Anyamata a pamsika amanditchulabe kuti wa ku nyanja, ndipo ndimangowasiya. Ndikudziwa kuti sindidzapondakonso. Tchimo la makala ndi langa, sindikukana. Koma anandilanda aja anali madzi enieni, ndinawatunga ndekha, ndinagwera nawo m'funde, ndipo palibe amene anandibwezera. Malita awiri, ndi mchenga wakuda wodzaza dzanja limodzi.