Paipi ya Ba Ticha Mulenga

Paipi yothirira maluwa ikakhalitsa padzuwa imanunkha labala wopsa. Dzulo fungolo linandipeza kwa mwana wanga ku Matero, n'kundikumbutsa zakale ngati zachitika lero.

Kusukulu kwathu ku Chawama, m'masiku a chipani chimodzi, Ba Ticha Mulenga ankayenda ndi chidutswa cha paipi yotero. Tsiku lina analemba pabolodi mawu awiri achingerezi, ship ndi sheep. Anati loyambalo ndi sitima yapamadzi, linalo ndi nkhosa. Iwo akatchula, ife tiziloza.

"Shipu!" anakuwa. "Tisa, sonta!"

Tisa, mnzanga wa desiki imodzi, analoza loyamba. Paipi inalira pachikhatho.

"Shipu!"

Analoza lachiwiri. Inaliranso.

"Manje nakamba ya pamanzi, chikopo iwe!"

"Koma Ba Ticha, mukamba chimozimozi," anatero Tisa akusisima.

Apo ndiye anaputa mavu. Anamukwapula mpaka zala zinatupa, pensulo osagwirika. Tonse tinaweramitsa mitu, maso padesiki.

Ine ndinkakhulupirira kuti fumbi la mukomboni latitseka makutu. Nditafika kunyumba ndinawatokosa ndi kamtengo ka machesi mpaka magazi, kuti mawa ndikamve kusiyanako. Sindinakumve. Tisa sanabwerenso kusukulu. Ndinkamuona kumsika akugulitsa vitumbuwa ndi amayi ake, mtsikana amene ankatiposa tonse masamu.

Makutu athu analibe vuto. Lilime la bambo uja ndilo linkakanika, ndipo manyazi ake anawapukutira m'manja mwa mwana.