A Shaba ndi Mlatho wa ku Joni

Pa ukwati wina ku Euthini, a Bestone Shaba anagwera m'dzenje loumbira njerwa ndi suti yomwe. Anali atandandalitsa akwati ndi abale awo onse, diso lili pa kamera, akubwerera cham'mbuyo kuti aliyense alowe m'chithunzi. Anthu anakuwa kuti, "Dzenje, ada!" koma iwo ankayesa kuti ndi nthungululu za ukwati. Mbwenu anangozimirira. Pamtunda panatsala dzanja limodzi lokha, litakweza kamera m'mwamba. Atawavuula, matope mpaka m'makutu, mawu awo oyamba anali akuti, "Asasunthe munthu." Kuyambira tsiku limenelo pa Mzimba Boma tonse timawatcha a Rivesi, koma akatembenuka.

Sikuti anali munthu wosasamala ayi. Vuto lawo linali lakuti sankafuna kudula munthu. Chithunzi chopanda phazi kapena chigongono ankati nchimodzimodzi kulodza mwini wakeyo. Ndiye ankabwerera m'mbuyo mpaka zonse zikwane.

Kanyumba kawo kojambuliramo kanali kuseri kwa msika. Pakhoma panali nsalu yaikulu yojambulidwa nyumba yosanja ndi galimoto yofiira. Ocheka matabwa a ku Chikangawa ankabwera pakutha pa mwezi, utuchi uli m'tsitsi, nkuvala jekete imene inkakhala pamsomali, nkuima kutsogolo kwa nsaluyo ngati nyumbayo ndi yawo. Zithunzizo zinkapita kwa akazi awo ku Thyolo ndi ku Mulanje. Nsaluyo inali ndi mzere wa popinda umene unadutsa pamitambo, ndipo a Shaba ankaubisa ndi mutu wa munthu wamtali. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Taonga, anakulira momwemo, ndipo machenjera onsewa anawadziwa asanamere ndevu.

Mafoni atabwera, ntchito yojambula inayamba kufa. Taonga anachita zimene amuna a kuno amachita, anakwera basi ya ku Joni. Patatha miyezi inayi, dalaivala wina wonyamula katundu anabweretsa envulopu. Munali chithunzi chimodzi: Taonga atavala jekete yachikopa, kumbuyo kwake chimlatho cha nsanamira zoyera ndi zingwe zambirimbiri ngati masipoko a njinga. Kuseri analemba m'Chitumbuka kuti wafika bwino: "Nafika makora, ada." A Shaba anachizungulira nacho msika wonse, osaleka kudandaula kuti wojambulayo anamudula mwana wawo mapazi.

Amenewo ndiwo anali mawu otsiriza. Nambala yake inasiya kulowa. Chaka chachinayi mayi ake, a Felesta, anamwalira. Uthenga unatumizidwa kwa aliyense wa kuno amene ali ku Joni, maliro anadikira masiku atatu, koma Taonga sanaoneke. Ena anati ali ku Kepi, ena anati anamangidwa, ena anati anakwatira mkazi wa kumeneko amene anamudyetsa zinazake. Pa Boma pano nkhani sitisowa, chimene timasowa ndi umboni.

Chaka chatha atakolola, a Shaba anatenga pasipoti ali ndi imvi mutu wonse. Nzeru yawo inali yakuti munthu amajambulitsa pamene amadutsa masiku onse. Akangopeza malo enieni amene Taonga anaima, akhala pomwepo mpaka adutse. Anayenda masiku awiri, miyendo itatupa ngati maungu, nkukafikira kwa Nicholas, mphwawo amene amasamalira maluwa a eni ake kumeneko. Zotsalazi ndinamva kwa mkazi wa Nicholas, amene foni ya mwamuna wake saisunga mumtima.

Mlathowo anaupezadi, wautali chomene, utadutsa pamwamba pa masitima ambirimbiri ongoimikidwa. A Shaba akuti anavula chipewa. Kenako anatulutsa chithunzi chija, nkuchitambasula kutsogolo kwawo, diso limodzi atatsinzina, kuyerekeza nsanamira ndi nsanamira. Akaona kuti sizikugwirizana, ankabwerera cham'mbuyo, maminibasi akuwaimbira mahutala, Nicholas atawagwira malaya kuti za ku Euthini zingachitikenso. Anayesa tsidya lino, anayesa tsidya linalo. Anakwera masitepe a nyumba ina mpaka mlonda anawathamangitsa m'chinenero chimene sanachimve, iwo nkumuyankha kuti, "Yewo, ada."

Tsiku lachisanu malowo anapezeka. Kuti nsanamira ziime monga zinaimira pachithunzipo, wojambulayo anayenera kukhala m'malere, pamwamba pa masitima, ndipo Taonga mwiniyo akanaponda mphepo. Nicholas anaziona, anangoyang'ana pansi. A Shaba anagwira chitsulo cha m'mbali mwa mlathowo. Kenako anati, "Anaukonzanso mlathowu, mphwanga. Kuno sachedwa kugumula zinthu."

Atatero anatulutsa kamera yawo yakale ija nkuyamba kujambula. Anajambula mlatho, masitima, amayi ootcha chimanga, nyumba zitalizitali, ndi khamu la anthu owoloka m'mawa ndi madzulo. Ankati mwina diso laphonya koma kamera siphonya. Ndipo poti ndi a Rivesi, sanadule kanthu. Chithunzi chilichonse mlatho ulimo wathunthu, kuyambira uku mpaka uko, koma anthu anatuluka ang'onoang'ono ngati nyerere pachingwe choyanikira zovala.

Lero mukadutsa pakhomo pawo dzuwa lili paliwombo, muwapeza pakhonde, zithunzi ataziyala pamphasa, m'manja muli kagalasi kokulitsa zinthu kamene anabwereka kwa wokonza mawotchi. Amayenda nako nyerere imodziimodzi. Akakuonani amakukodolani: "Taonani uyu wanyamula chikwamayu. Si mayendedwe a Taonga awa?" Ife timawerama, nkuyang'ana kadontho kakudako, nkunena kuti akufananadi chomene. Nanga tinganene chiyani?

Lachiwiri lapitali a Shaba anaitana a Philomena, oyandikana nawo nyumba, amene amagulitsa tomato ndipo sanaphunzire kukometsa mawu. Iwo kagalasiko sanakalandire. Anatola chithunzi chakale chija, cha jekete yachikopa, nkuyendetsa chikhadabo pamitambo, pamene panadutsa kamzere kowongoka bwinobwino.

"A Shaba," anatero, "ine zojambula sindidziwa, koma kumwamba kopindidwa ndinakuona tsiku lomwe munabwera nacho pamsika. Iyi ndi nsalu ngati yanu yomwe ija. Mwana wanu pamlathopo sanapondepo, ndipo inu mukudziwa. Lowetsani zithunzizi m'nyumba, mvula ikubwera."