Mlongo wa Man-sik waberekanso

Pyo Man-sik anakulira pamsika wa nsomba ku Busan, akupala mamba ndi kutumbula, mpaka imvi zinamupeza pa thebulo lomwelo. Pa unyamata wake anatola mlendo wosatsanzika: nsungu za kumalo obisika, zimene zinkatuluka akatopa kwambiri.

Zikatuluka, Man-sik ankajomba kubafa ya anthu onse, kumene Lamulungu lililonse iye ndi anzake ankakhulana misana ali mbulanda.

"Akulu, mwayamba kuopa madzi?" ankamufunsa Tae-bong wogulitsa nkhanu.

"Chimfine."

"Chimfine chanji choyendetsa munthu motang'adza? Ndiye chatsika patali!"

Man-sik ankangoseka nawo, makutu akutentha. Kunyumba ankadzitsekera, n'kukhala m'beseni la madzi ofunda amchere, kenako n'kuyikapo masamba a tiyi ozizira ndi kuvala kabudula wathonje wokhwepa. Chimene ankachikhulupirira kwambiri chinali kudzifukiza ndi suku, chitsamba chowawa chija amayi amafukiza akangobereka.

Tsoka lake, suku wabwino ankagulitsa Mayi Eom, wamasiye wa pakhomo la msika, yemweyo amene Man-sik ankafuna kumukwatira. Mayiyo anali atanena kale kuti pachikondwerero cha zokolola adzamuonetsa kwa ana ake. Man-sik ankadziwa kuti ayenera kuwauza Mayi Eom za nthendayo tsikulo lisanafike, koma akatsegula pakamwa ankangofunsa mtengo wa adyo.

Kutatsala pang'ono chikondwerero, nsungu zija zinatulukanso.

"Mundipatseko suku, Mayi. Ndi wa mlongo wanga, wabereka."

"Waberekanso? Mlongo wanu woyendera ndodo uja? Chaka chino chokha wadzaza mudzi!"

Amayi a pamabenchi oyandikana anaphulika kuseka. Man-sik anayang'ana nsapato zake za mphira. Anadikira kuti phokoso lithe, n'kuwerama ngati akununkhiza zitsamba.

"Mayi... wobereka ndine. Ndili ndi nsungu kumunsi kuno. Sizitha, ndipo zimapatsirana. Mukandikana, sindidandaula."

Mayi Eom anamanga sukuyo pang'onopang'ono, osamuyang'ana.

"Bambo Pyo, masambawa sachotsa nthendayo, ndipo nthunzi pachilonda mungodzipsereza. Kuchipatala kuli mapiritsi oti zilonda zizipola msanga. Malemu amuna anga anabisa matenda awo mpaka tsiku la bokosi. Wobisa wina sindimufuna."

"Ndiye mwandikana?"

"Ndati wobisa. Inu mwanena, ngakhale mwayamba mwaberetsa gogo wosalakwa. Mawa tikafunse limodzi kwa dokotala kuti ine ndidziteteza bwanji. Zikatuluka, muzigona kwanu."

M'mawa mwake anadutsa pamsika, mayi patsogolo, Man-sik pambuyo, chipewa chitafika pamphuno.

"Kuti m'mawa uno, akulu?" anakuwa Tae-bong.

"Kukaona khanda la mlongo wawo," anayankha Mayi Eom, osatembenuka.

Man-sik anangokokera chipewa pansi.