Masese a Kafe Patsinde pa Mpichesi

Titabwerako ku Malawi nkhondo itatha, tinapeza nyumba yathu ya ku Zobwe ilibe denga, koma mpichesi wa pakhomo unali chiimire. Unali wonyozoloka, masamba achikasu. Ine ndinapeza ntchito yotsuka mbale kwa ansembe, ndipo kumeneko ankamwa kafe, ndiye kuti khofi, m'mawa uliwonse. Mayi wina wophika, amene anandiposa msinkhu, anandiletsa kutaya masese ake.

"Kathireni pa mitengo yanu," anatero. "Koma musalimire ndi khasu, mungadule mizu. Muzisakaniza ndi dothi pang'onopang'ono, ndi zala."

Ndinayamba ndi maluwa a m'zitini pakhonde, ndipo anabiriwira. Loweruka lina dzuwa litapendeka ndinagwada patsinde pa mpichesi uja, masese ali m'mbale, n'kuyamba kufukula. Dothi linali lofewa chifukwa cha mvula. Chala changa chinakhudza chinthu chosalala, chozizira. Ndinayesa chivundikiro cha poto, mwina cha amayi anga, ndipo ndinapitiriza kuchipukuta mpaka m'mbali mwake munaoneka.

Alamu anga, achimwene awo a bambo a kunyumba, anali atangotula mfuti chaka chomwecho. Anali pakhonde akusoka nsapato. Atasuzumira, anaimirira mwakachetechete.

"Alamu, chotsani dzanja. Pang'onopang'ono. Musatsamire kutsogolo."

"Bwanji kodi?"

"Ndi mina imeneyo. Bomba. Bwererani chafutambuyo, mmene munadzeramo."

Ine sindinasunthe. Ndinkangoyang'ana masese akudawo atamwazikira pamwamba pa chinthucho, fungo la kafe lili m'mphuno. Alamu anandigwira nsalu kumsana n'kundikoka ngati thumba la chimanga. Titafika pakhonde ndinasanza.

Pamthunzi wa mpichesi umenewo ana anga ankaseweretsapo timagalimoto tawaya tsiku ndi tsiku. Ine ndinkasesapo m'mawa uliwonse. Apongozi anga aakazi ankayalapo mphasa.

Tinazungulizapo minga, ndipo alamu anapita kukanena kuboma. Ochotsa mabomba anafika patapita masabata, n'kutisamutsa mudzi wonse kupita kuseri kwa phiri. Titamva kuphulika, amayi ena anagwa pansi n'kubisa mitu monga tinkachitira kale. Pobwerera tinapeza dzenje pamene panali mpichesi uja, ndipo zitseko za nyumba zitaguluka.

Ana tinawatumiza kwa mchemwali wanga ku Moatize. Anakakhala kumeneko mpaka ochotsa mabombawo atayenda bwalo lonse ndi munda womwe, phazi ndi phazi.